Funsani Azakhali: Kamtanda kochokera ku Ireland

Azakhali, mwana wanga ndi namwino ku Ireland. Wanditumizira kamtanda kolukidwa ndi udzu, ati ndikapachike pakhomo kuti nyumba isapse. Apongozi akuti chimenecho ndi chithumwa. Ndikataye kodi?
Mayi wa ku Chipoka, Salima

Ayi mayi, musakataye. Umenewo ndi mtanda wa Brigid Woyera wa ku Kildare, amene tsiku lake ndi 1 February, ndipo kuyambira 2023 dziko lonse la Ireland limapuma pomukumbukira. Madzulo a 31 January banja linkakhala pansi nkuluka mitandayi ndi udzu wa m'dambo wonga mlulu. Watsopano ankautsomeka kudenga, wakale osauchotsa, moti mlendo ankatha kuwerenga zaka za nyumba poyang'ana mitanda yakuda ndi mwaye.

Azungu akumudzi kumeneko nawonso ankagona m'nyumba zofolera ndi udzu, moto uli pakati pa banja usana ndi usiku. Nkhuni zinali zosowa, ankasonkha dothi lakuda la m'dambo lomwe ankalidula nkuliyanika. Ena ankadzala kachomera ka masamba onenepa padenga penipeni, ati kamaletsa moto ndi mphenzi. Chondiseketsa ine ndi cha pa 1 May: tsiku limenelo sunkayerekeza kukapala moto kwa mnzako. Ankakukaniza poyera, poopa kuti utenga mwayi wa mkaka ndi batala wa chaka chonse. Taganizani kumanidwa khala limodzi ndi mnansi amene dzulo munabwerekana mchere!

Izi zikudziwika chifukwa pakati pa 1937 ndi 1939 bungwe la Irish Folklore Commission linatuma ana asukulu oposa 50,000 kukafunsa agogo awo, nkulemba m'makope miyambo ndi zochitika za m'midzi, za nyumba zopsa zomwe.

Pa miyambo yonseyi, umene ine ndimaugwadira ndi wa usiku. Mayi asanagone ankakwirira makala ndi phulusa uku akupemphera, m'mawa nkungofukula. Moto wokwiriridwa suthetheka.

Choncho pachikani kamtandako, apongoziwo muwauze kuti ndi chizindikiro cha pemphero. Koma mwera ukayamba kuwomba kuchokera kunyanjako, mbaula isagone ndi moto m'khitchini, koloboyi kapena kandulo zisatsale ndi ana okha, ndipo udzu wozungulira nyumba mulambule anyamata osaka mbewa asanayambe kutentha tchire.