Kunyanyala filimu si kuiletsa

Funso: Ndimalemba nkhani m'kalata ya parishi yathu. Pa nkhani ya The Da Vinci Code ya mu 2006, ndilembe kuti Mpingo unaletsa filimuyi kapena kuti Akatolika anainyanyala?

Lembani kuti anainyanyala, ndipo onjezani mawu oti "ena", chifukwa Akatolika ambiri anakaionerabe. Woletsa ndi amene ali ndi mphamvu yotseka zitseko za malo oonetsera kanema, monga boma kapena khoti. Mu Epulo 2006, Ambuye Angelo Amato, omwe anali mlembi wa nthambi ya ku Vatican yoona za chiphunzitso, anapempha akhristu kuti asakaionere, koma filimuyo inaonetsedwabe ku Italy. Ku Samoa ndi ku Pakistan ndiye inaletsedwa, poti boma ndilo linalamula. Mukasinthanitsa mawu awiriwa, mwapatsa Mpingo mphamvu zomwe unalibe.

Munthu amanyanyala chinthu chimene chinali chake kuti achilandire kapena achichite. Mwana amanyanyala nsima, aphunzitsi amanyanyala ntchito, chipani chimanyanyala chisankho. Pamakhala kukwiya, komanso kufuna kuti mwini chinthucho amve kuwawa. Choncho agogo amene chibadwire sanapiteko kukaonera kanema sitinganene kuti anyanyala. Wopempha anzake nayenso timamulemba payekha: bungwe la Akatolika la Catholic League la ku America linalimbikitsa anthu kunyanyala katundu wa kampani ya mafilimu ya Disney mu 1995 chifukwa cha filimu ya Priest. Mneni woyenera bungwelo ndi "linalimbikitsa". Onyanyala ndi ogula.

Musasokonezenso kunyanyala ndi zionetsero. Onyanyala amakhala kunyumba, ochita zionetsero amapita pakhomo pa malowo ndi zikwangwani. Zimene zinachitika ku Paris mu Okotobala 1988, pamene anthu anatentha malo oonetsera kanema a Saint-Michel chifukwa cha filimu ya The Last Temptation of Christ, ndi chiwawa basi.

Funso: Kodi filimu "imanyoza" kapena "imachita mwano"?

Zimadalira amene wakhudzidwa. Mwano ndi mawu olemera, ndipo pa nkhani za chipembedzo timawasungira Mulungu ndi zinthu zoyera. Akatolika atadandaula kuti The Da Vinci Code ikunena kuti Yesu anakwatira Mariya wa ku Magadala, dandaulo lawo linali la mwano. Atadandaula za mmene filimuyo inaonetsera gulu la Chikatolika la Opus Dei, apo mawu oyenera ndi kunyoza kapena kuipitsa mbiri. Kukhumudwitsa kumangonena za mumtima mwa woonera, sikugamula kuti filimuyo ndi yolakwa. N'chifukwa chake mtolankhani wosamala amalemba kuti "filimu imene Akatolika ena akuti ikuchitira Yesu mwano". Mukachotsa "akuti", mlandu mwauweruza ndinu.

Funso: "Filimuyi" kapena "filimuyu"?

Filimuyi, mafilimuwa. Mawu oti kanema ndiwo amatenga "uyu": kanemayu. Olemba ambiri amalakwitsa akayamba chiganizo ndi filimu n'kumalizira ndi kanema. Sankhani amodzi: filimu inaletsedwa, kanema analetsedwa. Munthu mmodzi ndi Mkatolika, ambiri ndi Akatolika, ndipo magulu awo ndi magulu a Chikatolika.