Khosi latsopano la gitala: thabwa lake likhale liti?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa wowerenga amene khosi la gitala yake, ya mtundu wa Stratocaster (gitala ya magetsi ya kampani ya Fender), lapotoka. Akuti chitsulo cha mkati chija, truss rod, achikunga mpaka kutopa, koma nsambo za mbali imodzi zikukhudza mafreti (tizitsulo topingasa ta pakhosi) pamene za mbali inayo zakwera m'mwamba. Aganiza zogula khosi lina, ndipo akufunsa kuti pakati pa maple, mahogany ndi wenge, lotulutsa mawu okoma ndi liti.

Achimwene, zikomo polemba. Poyamba, lekani kuvutitsa chitsulocho. Ntchito yake ndi kuwongola khosi lopindikira kutsogolo kapena kumbuyo. Likapotoka ngati chingwe, sichingathandize. Mwaganiza bwino.

Koma funso lanu ndilitembenuza. Pa gitala ya magetsi, mawu ambiri amachokera ku mapikapu (tizipangizo totola mawu a nsambo), ampu (chokuzira mawu), sipika, nsambo ndi zala zanu. Thabwa limathandizirako, inde, ndipo alipo oimba amene amalumbira kuti maple imalira mowala ndipo mahogany imalira monenepa. Ine ndasinthapo makosi angapo, ndipo kusiyana komwe ndinamva kunali kochepa kuposa komwe kumabwera ndikangoika nsambo zatsopano. Chomwe chakuvutani inu si mawu. Ndi thabwa losakhazikika.

Ndiye yambani ndi mmene thabwalo linachekedwera. Yang'anani kumapeto kwa khosi, komwe limalowa m'thupi la gitala. Mizere ya thabwa ikaima chilili, ndi machekedwe amene amatchedwa quartersawn, ndipo khosi lotere limalimba komanso silisunthasuntha nyengo ikasintha. Ikagona chopingasa, ndi flatsawn. Limeneli si loipa, pakuti makosi ambiri a Fender ndi otere kuyambira kale, bola thabwa likhale louma bwino ndipo mizere yake iyende mowongoka kuchokera kumutu mpaka kumunsi. Lomwe ndimathawa ndi la mizere yothawira cham'mbali. Maple ya maluwamaluwa ija yokongola m'zithunzi nayo ndimaiyang'ana kawiri, chifukwa kukongolako ndi mitsempha yokhotakhota.

Kwa gitala ngati yanu, maple ndiye poyambira. Telecaster (gitala inanso ya Fender) ndi Stratocaster ya 1954 zinatuluka ndi khosi la maple, ndipo rosewood pamwamba popondapo zala inabwera mu 1959. Maple ndi yolimba, imagwira bwino masikuluwu, koma imafuna vanishi. Mukaisiya yosapaka, imamwa thukuta ndi chinyezi, imada, ndipo mwina mudzandilemberanso imelo ngati yomweyi. Ngati simukonda khosi lomata m'manja, funani maple yowotcha, imene amaiphika m'ng'anjo yopanda mpweya wokwanira mpaka kuderako. Imeneyi simamwa chinyezi kwambiri ndipo imatheka kuimbidwa yosapaka. Chenjezo limodzi: sichedwa kung'aluka, choncho boolani kaye mabowo a saizi yoyenera musanalowetse sikuluwu iliyonse, makamaka ting'onoting'ono ta makiyi okungira nsambo.

Mahogany ndi ya magitala a kampani ya Gibson, kumene khosi amamatira ndi guluu. Ndi yopepuka, yokhazikika ndithu, koma yofewerapo. Nkhani za mitu yothyoka ya Les Paul, gitala ya Gibson, zisakuopseni, chifukwa vuto kumeneko ndi kupendekera kwa mutuwo, ndipo wa Stratocaster ndi wowongoka. Komabe sindikuona chomwe mungapindule.

Wenge ndiye ndimaikonda mwamseri. Ndi mtengo wa ku Congo ndi maiko oyandikana nawo, wakuda, wolimba, ndipo kampani ya Warwick inautchukitsa pa mabesi ake. Sifuna vanishi, ndipo m'manja imamveka youma, ya timabowo ting'onoting'ono. Ena amasangalala nazo, ena zimawanyansa tsiku loyamba lomwe. Ndi yolemeranso, moti pa gitala ya thupi lopepuka mutu umayamba kugwera pansi mukaimirira. Musaigule musanaigwirepo.

Za pamwamba popondapo zala sinditaya nthawi. Rosewood ndi pau ferro zonse n'zabwino, ebony ndi yosalala koma imang'aluka pakauma kwambiri. Ngati mukuitanitsa kunja, dziwani kuti mu 2017 pangano la CITES, loteteza nyama ndi zomera pa malonda a pakati pa maiko, linaika malamulo pa rosewood yonse, kenako mu 2019 zida zoimbira zomalizidwa zinachotsedwamo. Ya ku Brazil yokha ndiye ikadali yoletsedwa kwambiri, kuyambira 1992.

Chomwe anthu ambiri amagwa nacho si thabwa n'komwe, koma muyeso. Khosi la Stratocaster limapangidwira nsambo za utali wa mamilimita 648, pamene la Gibson ndi pafupifupi 628. Mukasokoneza, gitala siidzalowanso mu chuni ngakhale muikunge bwanji. Malo olowamo khosi pa Fender ndi pafupifupi mamilimita 56 m'lifupi, ndipo kumapeto kwa khosi la Stratocaster n'kozungulira pamene kwa Telecaster n'kwa makona. Inu mwati yanu ndi "ya mtundu wa" Stratocaster, kutanthauza kuti ikhoza kukhala ya kampani ina yomwe miyeso yake imasiyanako. Masulani khosi lakalelo, muyeze m'lifupi ndi kuya kwa malowo, muonenso pomwe pali mabowo anayi aja.

Ikanakhala gitala yanga, ndikanatenga maple yowotcha ya quartersawn, pamwamba rosewood, kunenepa kwake kofanana ndi khosi lomwe dzanja langa linazolowera. Mukayeza, nditumizireni manambalawo tione limodzi musanalipire.