Achimwene a ku Ngabu, yambani mwayang'ana nthambo

Achimwene, munafunsa m'gulu muno mmene mungakwezere liwiro la ma RX 580 anu anayiwo, makhadi a graphics a kompyuta amene mukukumbira ndalama za pa intaneti (mining). Ndaona ena akukuuzani kuti mungowakankha memory mpaka 2250 MHz, power limit muitsegule yonse, ati ndiye hashrate, liwiro la kukumbako, ikwera. Chonde musayerekeze. Amene akulemba zimenezo ali ku Mzuzu ndi ku Dedza, ena ali ku Joni, sakudziwa kuti Okutobala wa ku Ngabu amakhala bwanji m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Ine ndili pa Nchalo pompa, ndipo nditawerenga funso lanu thupi langoti zii, chifukwa mawu omwewo ndi amene ndinauzidwa mu 2021, ndipo anatsala pang'ono kundiwotchera nyumba mwana ali mkati.

Ndinagula makhadi 6, onse RX 580 a 8GB, kwa mkulu wina wa mu Limbe. Sinditchula dzina, ngati ali m'gulu muno akudzidziwa. Ndalama yake ndinagulitsa ng'ombe ziwiri zimene malemu bambo anandisiyira, yotsalayo mayi a kunyumba anakatenga ku banki m'khonde m'dzina lawo. Nthawi imeneyo Ethereum, ndalama imene tinkakumbayo, inali pamoto, mukukumbukira Novembala wa chaka chimenecho inadutsa madola 4,800, aliyense ankangoti amene sakukumba akugona. Mkuluyo anatsika yekha pa galimoto yake kudzera pa Thabwa, kudzandimangira rig, makina okumbirawo, m'kachipinda kanga kosungiramo katundu. Ndinamuphera nkhuku. Anamanga pa felemu ya matabwa, ma riser onse, tizipangizo tolumikiza makhadi ku motherboard, anawapatsa moto kudzera pa nthambo za SATA, awiri pa nthambo imodzi. BIOS, pulogalamu ya m'kati mwa khadi, anaflasha imodzi yomweyo pa makhadi onse, osayamba waona kuti memory yake ndi ya kampani yanji, ndipo yakale sanaisunge paliponse. Pambuyo pake nditatsegula pulogalamu ya GPU-Z ndi pamene ndinaona kuti anayi ndi a Hynix, awiri ndi a Micron, koma onse anawaveka ma timing a memory amodzi. Atabwerera kumtunda ankalowa m'makinamo ali kutali pa pulogalamu ya AnyDesk usiku n'kumakweza liwiro. Pa sikirini pankalemba hashrate ya 32 MH/s khadi lililonse, ine n'kumasangalala, kumajambula kutumizira anzanga.

Koma ku pool, kumene okumba amaphatikiza mphamvu n'kumalipidwa, nkhani inali ina. Pulogalamu ya miner ikunena kuti tikuthamanga 190, pool ya Ethermine ikundiwerengera zosafika n'komwe pamenepo, ma invalid share, mayankho okanidwa, ali mbwee. Ndikamufunsa ankangoti ndi netiweki ya kwanuko. Bodza. Netiweki ikamavuta imabweretsa ma stale share, chifukwa yankho lafika mochedwa. Invalid ndiye kuti khadilo lawerengetsa molakwika, memory yapanikizidwa mopyola muyeso kapena yatentha. Zimenezi ndinazidziwa mochedwa, iye ankazidziwa bwinobwino.

Tsikulo linali la kumapeto kwa Okutobala. Masana kunatentha koti ngakhale mbuzi zinangobisala pansi pa ngolo, madigiri anadutsa 40, mukudziwa nokha mmene kumakhalira. Magetsi anathima cha m'ma 4 koloko madzulo. Usiku mwana akulira ndi chitungu, thupi lonse zidzolo za kutentha, ndiye ndinachotsa fani yaikulu imene inkapemerera rig ija n'kukaiika kuchipinda kwathu, kuti magetsi akabwera imupemerere iyeyo. Chitseko cha kachipinda kaja ndinakoka, windo ndinatseka chifukwa cha akuba. Maganizo anga anali oti makina ndi ozima, ndiyatsa m'mawa. Sindinkadziwa kuti mkulu uja anaika mu BIOS ya motherboard kuti magetsi akangobwera iziyaka yokha. Sanandiuzepo ngakhale tsiku limodzi.

Magetsi anabwera pakati pa usiku ife tili mtulo. Rig inayaka, makhadi 6 onse pa liwiro lija, m'chipinda chotseka, pansi pa malata amene akhala akuwotcha tsiku lonse. Cha m'ma 2 koloko mayi a kunyumba anandigwedeza, akuti abambo dzukani kukununkha tayala. Nditatsegula chitseko chija utsi unandimenya m'maso, wowawa, wolowa mpaka kukhosi. Mafani a makhadi akulira ngati chigayo. Pansi pa khadi lachitatu panali kalawi kakang'ono, kofanana ndi ka machesi, pa pulagi ya SATA penipeni, ndipo pulasitiki yosungunuka inkadontha, dontho lililonse likugwa likuyaka, kugwera pa thabwa. Pansi pa thabwalo panali makatoni amene makhadiwo anabweramo, ndinawasunga kuti mwina tsiku lina ndidzagulitsa. Katoni ya pamwamba inali itayamba kale kuda m'mphepete.

Dzanja langa linathamangira ndowa ya madzi imene inali pakhomo. Ndi mayi a kunyumba amene anakuwa kuti madzi ayi, n'kuthamangira ku main switch kukagwetsa. Mdima bii, kalawi kokha kakuoneka. Ndinakoka nthambo ija ndi dzanja lopanda kanthu, pulasitiki inamatirira pa chala chachikulu, chipsera chake ndili nacho mpaka lero. Makatoni ndinawakankhira panja ndi mwendo, thabwa ndinalivundikira ndi bulangete. Ndikutuluka ndinapeza mwana, wa zaka zitatu nthawi imeneyo, ali pakhonde m'manja mwa aneba, akutsokomola mosalekeza, maso ali psuu. Utsi unali utadutsa pamwamba pa khoma kulowa kuchipinda kwathu, paja khoma lathu silifika kudenga, ndipo fani ija inkaukankhira pa iyeyo. Tinakhala panja pa mkeka mpaka kunacha, udzudzu ukutidya, mayi a kunyumba osandilankhula ngakhale liwu limodzi. Ngongole ija inali m'dzina lawo, ndipo Lachisanu lake anayenera kukaonekera pamaso pa amayi anzawo.

Pulagi ya SATA inapangidwira ma watt 54 basi. Khadi limaloledwa kukoka mpaka 75 kudzera pa riser, ndipo RX 580 ikakwezedwa imakokadi kwambiri pamenepo. Tsono awiri pa nthambo imodzi, m'chipinda cha madigiri oposa 40. Munthu amene wakhala akumanga ma rig sangakhale osazidziwa zimenezi. Anangofuna kupulumutsa ndalama ya nthambo za 6-pin, ndalama yosakwana n'komwe nkhuku imene anadya kwathu.

Ndinamuimbira kutangocha. Poyamba akuti mwaseweretsa settings inuyo. Ndikuti amene amalowa pa AnyDesk ndani, akuti Chikwawa si malo oikako makina. Nanga pamene munkalandira ndalama ya ng'ombe zanga simunkadziwa kuti Nchalo ili ku Chikwawa? Munatsika nokha chitunda chonse chija, thukuta likukuyenderera pomanga, mpaka munapempha madzi a mufiriji kawiri. Mawa lake anandibloka pa WhatsApp. Ndinakwera minibasi mpaka mu Limbe, ndinapeza kamnyamata ka pashopu kakuti bwana apita ku Joni kukaoda katundu. Kawiri konse, yankho lomwelo. Chimene chimandiwawa mpaka pano si makhadi awiri amene anafa ndi power supply yake. Ndi choti anandiuza maso ndi maso kuti zimenezi mutha kuzisiya mwezi wathunthu osazikhudza, akuona mwana akusewera pakhomo pomwepo. Ndipo ndikumva akugulitsabe, tsopano akuti ndi makhadi a ma game osagwirapo ntchito. Anthu otere ndi amene amachititsa kuti tizikayikirana tokhatokha.

Zotsatira mukuzidziwa. Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira kwathu konkuno, ma megawatt pafupifupi 130 n'kuchoka, magetsi kumangobwera ngati mlendo. Meyi kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, riser imodzi yoitanitsa kunja kukhala ngati ukugula njinga. Pa 15 Sepitembala Ethereum inasiya kukumbidwa ndi makhadi. Ngongole ija ndinaimaliza ndi kukonza mafoni pamsika, osati ndi mining.

Ndiye langizo langa loona, gulitsani makhadiwo kwa anyamata a ma game akadali amoyo. Ethereum Classic imene mukukumbayo inadzaza ndi makina a ASIC, opangidwira kukumba basi, ndipo ndalama ya Ravencoin ndiye musaiganizire n'komwe kuno, njira yake yokumbira ya KawPow imagwiritsa core, chip yaikulu ya khadi, mwamphamvu, khadi limatentha kwambiri kuposa pa Etchash, njira ya Ethereum Classic. Tawerengerani nokha. Pulogalamu ya Afterburner kapena HiveOS ikamalemba 85 W pa RX 580, imeneyo ndi ya chip yokha, memory ndi mafani sizili momwemo, kukhoma khadilo likudya 120 kapena kuposa. Anayi pamodzi ndi motherboard muli cha m'ma 550 W, pa tsiku ndi mayunitsi 13. Tengani mtengo wa mayunitsi 13 pa risiti yanu, lowetsani makhadi anu pa webusaiti yowerengetsa phindu ya WhatToMine, muone ngati zikukumana. Kwa ine sizinakumanenso chichokereni 2022.

Koma ndikudziwa simugulitsa, inenso sindikanamvera. Ndiye chitani chonchi.

Musayambe ndi kukweza, yambani ndi kutsitsa. Etchash imadalira memory, core yothamanga imangokuwotcherani mayunitsi. Core ikani pakati pa 1100 ndi 1150 MHz, voltage muitsitse kufika cha m'ma 850 mpaka 875 mV, muona hashrate siisintha kwenikweni koma khadi lizizirako ndithu. Memory yambani pa 2000 pamene inabadwira, muzikweza 25 yokha, khadi limodzi pa nthawi, n'kudikira maola angapo. Ndipo muziyesa 2 koloko masana, osati usiku. Zimene zakhazikika m'bandakucha wa Juni zimagwa masana a Novembala, ndinaziona ndi maso anga. Pa Windows tsegulani pulogalamu ya HWiNFO, pali mzere wa memory errors, ukangoyamba kuwerenga bwererani m'mbuyo 50. Khadi lililonse lili ndi polekezera pake ngakhale akhale a kampani imodzi, nambala za munthu wina musakope. Dziwaninso kuti RX 580 sikuonetsani kutentha kwa memory. Mukaona madigiri 65 pa sikirini ndi ya core, memory ili pamwamba pa pamenepo, ndiye kuno ine core sindiilola kudutsa 65. Ikakana kutsika, zimitsani kuyambira 11 koloko mpaka dzuwa litapendeka. Mumve hashrate imene pool ikukuwerengerani pa maola 24, ya pa sikirini sikulipirani.

Za BIOS, ndinalumbira kuti sindidzalolanso munthu kuflasha khadi langa, ndipo inunso musapatse munthu. Komabe popanda kusintha ma timing mukhala pa 24 kapena 25 MH/s, pomwe lokonzedwa bwino limafika 29 mpaka 30 osavutika, ndiye flashani nokha. Yambani mwaona pa GPU-Z ngati ndi Samsung, Hynix kapena Micron, sungani BIOS yakale pa flash disk ndi pa imelo yomwe, mulembe kuti ndi ya khadi liti, kenako musinthe ma timing ndi pulogalamu ya Polaris BIOS Editor. Osaflasha popanda batire kapena UPS, magetsi akathima pakati khadi langokhala njerwa. Ngati ndi Sapphire Nitro+ yang'anani m'mphepete, pali kaswitchi ka BIOS yachiwiri, kameneko kandipulumutsapo.

Mafani muwaike pa 70 peresenti osasinthasintha, 100 tsiku lonse imadya ma bearing miyezi yochepa. Fumbi la kuno si la masewera, kwathu kuno nyengo yodula nzimbe timaonjezera mwaye wa m'minda akamawotcha, umalowa m'mapepala a heatsink n'kuumbana ngati thonje lakuda. Sabata ziwiri zilizonse zimitsani, mupemerere ndi blower, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Makhadi akale ngati amenewa paste yake inauma kalekale, sinthani, ndipo ma thermal pad mugule a makulidwe ofanana ndi amene mwachotsa, mukaika onenepa chip sikhudzanso chitsulo bwino. Rig isakhale pa thabwa, isakhale pafupi ndi katoni kapena makatani, ndipo isakhale pansi, ife a m'chigwa madzi timawadziwa, namondwe Freddy anatiphunzitsa mu 2023. Ikani fridge guard pa soketi kuti magetsi akabwera idikire kaye. Mu BIOS ya motherboard pezani pamene palembedwa Restore on AC Power Loss muike Off. Ena akuuzani kuti mutaya maola a mining mukagona. Atayeni.

Ine awiri mwa amene anatsala ndimawayatsabe Juni ndi Julaye kukazizira, memory pa 2150, a Hynix aja amapirira, ndipo sindigona asanazime. Awiri enawo ndinagulitsa ku Bangula, ndinamuuza wogulayo zonse zimene anadutsamo.

Musanayatse usiku uno, tembenuzani riser iliyonse muone chimene chikuipatsa moto. Ngati ndi SATA, kapena ka adaputa kochoka pa SATA kupita ku 6-pin kamene amaika m'paketi muja, zulani, mudikire nthambo ya 6-pin yochokera ku power supply mwachindunji. Nunkhizani mapulagi, muone ngati pali pena pachita chikasu kapena pofewa. Jambulani kumbuyo kwa rig yonse ndi sitika ya power supply mutumize pansipa, ndiziona ndikatseka shopu cha m'ma 6.