Zimene munaika pa MX-5 yanu musaziwerengere pa mtengo

Achimwene ena a ku Mufakose mu Harare andilembera kuti akugulitsa Mazda MX-5 ya 1995, ija ya nyale zotukuka. Akufunsa ngati angawonjezere pa mtengo ndalama zimene anawononga pogula ma coilover (mashoko okhala ndi masipuling'i otsitsira galimoto), marimu otambalala ndi ekizozi yaphokoso.

Ayi achimwene, sizibwerera. Wogula akaona galimoto yotsitsidwa amaganiza za mahampu ndi maenje a m'misewu yathu ino, kenako amagwada n'kusuzumira pansi kuti aone ngati sampu, chosungira oyilo pansi pa injini, inagundapo. Akamva phokoso la ekizozi amangoti mwiniwake ankaithamangitsa. Ngati masipuling'i, mashoko ndi marimu oyambirira mukadali nawo, abwezeretseni. Zinazo mugulitse padera kwa anthu a mipikisano ya magalimoto ya ku bwalo la Donnybrook, ndiwo amadziwa mtengo wake.

Ndipo zimandinyansa kuona munthu akugula marimu pomwe denga likudontha. Dzuwa la mu Harare limaumitsa windo lapulasitiki lakumbuyo mpaka kung'aluka. Timabowo totulutsa madzi kuseri kwa mipando tikatsekeka ndi masamba a jakaranda, madzi a mvula amadikha m'munsi mwa zitseko, kutsogolo kwa matayala akumbuyo, dzimbiri n'kuyambira mkati. Wodziwa MX-5 amayamba kugogoda pamenepo asanatsegule boneti. Tsegulani timabowoto, musinthenso mapaipi a petulo ngati auma, poti petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol. Lisiti ya timing belt ndi water pump imakopa wogula kuposa chokongoletsa chilichonse.

Pokambirana mtengo kumbukirani kuti kuyambira 2021 boma la Zimbabwe linakhwimitsa malamulo oitanitsa magalimoto opitirira zaka 10. Ina ngati yanuyo siingobwera kuchokera ku Japan, choncho musagwe mphwayi wina akakunyozerani mtengo.

Za mapepala

Nambala ya injini ndi ya chasisi zifanane ndi zimene zili m'buku la galimoto. Ngati munasintha injini kapena mtundu wa penti, kakonzetseni mapepala ku CVR, ofesi yolembetsa magalimoto, musanalengeze pa Facebook, apo ayi apolisi ofufuza zakuba magalimoto a Vehicle Theft Squad ku Southerton adzakubwezani. Lembani kalata ya mgwirizano wogulitsana (agreement of sale), msonkho wosinthira umwini ulipiridwe ku bungwe la misonkho la ZIMRA, laisensi ya galimoto ya bungwe la misewu la ZINARA ikhale yosatha. Madola muwerengere ku banki, ndipo buku musapereke ndalama zisanakwane. Woyesa galimoto aonetse laisensi yake yoyendetsera, inu mukhale pambali pake.