Kodi ndiziwalanga ana akalankhula Chichewa m'kalasi?

Mphunzitsi wina wa Sitandade 5 wandilembera imelo. Akuti ana ake sakulankhula Chingerezi, ndipo aphunzitsi anzake akumuuza kuti aletse Chichewa m'kalasi, wophonya azikasesa pabwalo. Akufunsa ngati achitedi zimenezo.

Aphunzitsi, funso lanuli landilasa mtima. Pasukulu imene ndinaphunzira panali kachikatoni komangirira chingwe. Ukangolankhula Chichewa, amene wakavala ankakuveka m'khosi, nawenso n'kuyamba kutchera khutu kuti upeze womutulira. Amene waweruka nako ankakumba dzenje la zinyalala. Tinasanduka akazitape a anzathu omwe tinkagawana nawo chigumu. Ine njira yopulumukira ndinaipeza: kutseka pakamwa. Teremu yonse ndinali duu, Chichewa osalankhula, Chingerezinso osalankhula. Koma m'mawa uliwonse kalasi yonse inkaimba mokweza kuti "We are very well, thank you, sir," ngakhale amene akunjenjemera ndi malungo.

Kuimba kumeneku kuli ndi gwero lake. Mu 1957 katswiri wa ku America, B. F. Skinner, anafotokoza chilankhulo ngati chizolowezi: munthu amabwereza mawu, akakhoza amayamikiridwa, chizolowezi n'kukhazikika. Njira yoloweza ziganizo mobwerezabwereza inatsamira pa maganizo otere. Komatu Skinner mwiniwakeyo sankakhulupirira kuti chilango chimaphunzitsa bwino. Ife tinangotola kuloweza, n'kuwonjezapo khasu ndi tsache.

Mu 1959 katswiri wa zilankhulo, Noam Chomsky, anamutsutsa. Anati mwana amapanga ziganizo zomwe sanazimvepo kwa munthu aliyense, choncho sangakhale akungotsanzira. Mwana wanu akanena kuti "I goed", sanaimve kwa inu. Wadzipezera yekha lamulo la nthawi yapitayi, wangolifikitsa pomwe silifika. Mwana ameneyo mutu ukugwira ntchito, ndipo mukamudzudzula anzake akuseka, mawa sayeseranso.

Taonaninso anyamata athu opita ku Joni. Miyezi ingapo, Chizulu akutha kutsutsana nacho mtengo pamsika, popanda bolodi, popanda choko. Katswiri wa kaphunziridwe ka zilankhulo, Stephen Krashen, m'zaka za m'ma 1980, ananena kuti chilankhulo chimalowa munthu akamamva zinthu zomwe akuzimvetsa, zongopitirira pang'ono pomwe wafika, ndipo mantha amatseka njira yake. Ine ndimagwirizana naye, koma osati pa zonse. Katswiri wina, Merrill Swain, anaona ana a ku Canada omwe ankaphunzira maphunziro awo m'Chifalansa: kumva ankamva bwino, koma polankhula ndi polemba galamala inkawavutabe. Mu 1985 Swain anati kumva kokha sikukwanira, mwana ayenera kuyesa kulankhula kuti aone pomwe pakumuchepera. Tsono ayesa bwanji amene mwamuopseza?

Ndikudziwa kuti lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, ndipo mayeso a Sitandade 8 sadikira munthu. Nkhawa ya anzanuwo ndi yoona. Koma ndikukana kwamtuwagalu zoti Chichewa ndi mdani wa Chingerezi. Katswiri wa zamaphunziro, Jim Cummins, anafotokoza mu 1979 kuti luso lomwe mwana wapeza m'chilankhulo cha kwawo, monga kuwerenga ndi kulongosola nkhani, limawolokera ku chilankhulo chachiwiri. Ndipo ndikamaganiza za mwana wa ku Mangochi amene kwawo amalankhula Chiyao, kapena wa ku Rumphi wa Chitumbuka, mtima umandiwawa kwambiri, poti iye akulimbana ndi zilankhulo ziwiri zachilendo nthawi imodzi, kenako n'kupatsidwa dzina loti mbuli.

Ndiye Lolemba muchite chiyani?

Musawalange. Lankhulani Chingerezi chambiri koma chosavuta, mukuloza zinthu, mukujambula pabolodi, mukuchita ndi manja. Pomwe asokonezeka, fotokozani m'Chichewa mwachidule n'kubwereranso. Akhale awiriawiri, azifunsana zinthu zenizeni: wadya chiyani, tomato akugulitsa bwanji. Wina akati "I goed", inu mungoyankha kuti "Oh, you went?" nkhani n'kupitirira.

Anzanu a mu ofesi adzakunenani kuti mukulekerera ana. Apempheni kuti tsiku lina adzakhale kumbuyo kwa kalasi yanu, adzawerenge okha manja amene akwezedwa mukafunsa funso.