Magemu 20 oyamba sakwirira timu, koma amawerengedwa ndithu

Achimwene, mwati timu yanu ya baseball yapambana magemu 7 okha pa magemu 20 oyamba, ndiye mukufunsa ngati mungoiwala za ma playoff, magemu olimbirana chikho kumapeto kwa sizoni, chaka chino. Musataye mtima msanga. Komanso musamvere aja akuti Epulo, kumayambiriro kwa sizoni, alibe ntchito, chifukwa gemu yoluza mu Epulo imalembedwa pa tebulo lomwelo ndi ya mu Seputembala.

Vuto lathu ambiri ndi loti tinakulira mpira wa miyendo. Ku England ligi ili ndi magemu 38, ndiye tikamva kuti magemu 20 adutsa, mutu umatiuza kuti theka la sizoni latha. Ku MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, timu iliyonse imasewera magemu 162. Magemu 20 amenewa, tikawayerekeza ndi Premier League, sakukwana ngakhale magemu asanu. Chiyambireni 2022 matimu 12 mwa matimu 30 amalowa mu playoff, ndipo khomo lakula: Philadelphia Phillies inalowa itapambana magemu 87 mu 2022, Arizona Diamondbacks ndi 84 mu 2023, ndipo onse awiri anakafika mu World Series, fainolo ya MLB. Tiyerekeze kuti timu yanu ikufunika kupambana magemu 88. Ikuyenera kupambana 81 pa magemu 142 otsala. Timu imene yayamba ndi 13-7 (kupambana 13, kugonja 7) ikufunika 75. Kusiyana kwake ndi magemu 6 m'miyezi isanu. Ngongole ndi ngongole, koma iyi ndi yobwezeka.

Ine nkhani imeneyi ndinaiphunzira kwa Washington Nationals mu 2019. Pa 23 Meyi, New York Mets itawagonjetsa magemu anayi otsatizana, anali atapambana 19 n'kugonja 31. Anthu ankafuula kuti mphunzitsi Dave Martinez achotsedwe. Koma mukanayang'anitsitsa mukanaona chimene chikudwala: Trea Turner anathyoka chala kumayambiriro kwa Epulo, Anthony Rendon ndi Juan Soto nawo anakhalako pabenchi chifukwa chovulala, ndipo oponya olowa kumapeto kwa gemu ankataya magemu amene anali kale m'manja. Oponya oyamba gemu, Max Scherzer, Stephen Strasburg ndi Patrick Corbin, analipo onse ndipo anali amphamvu. Ovulala atabwerera, timu inapambana 74 pa magemu 112 otsala n'kumaliza ndi 93. Gemu ya wild card, ya matimu olowa mu playoff popanda kutsogola gulu lawo, ndi Milwaukee Brewers ndinaionera pafoni usiku, mawu nditachepetsa kuti ana asadzuke. Mu inning (chigawo cha gemu) yachisanu ndi chitatu, Nationals ili kumbuyo 3-1, Soto anamenya mpira wa Josh Hader kupita kumanja, mpira n'kumudutsa Trent Grisham wa Brewers, anthu atatu n'kugoletsa ma run (zigoli za baseball). Manja ankanjenjemera. Kumapeto kwa Okutobala anagonjetsa Houston Astros mu gemu yachisanu ndi chiwiri ya World Series n'kutenga chikho.

Si iwo okha. Astros ya 2005 inali pa 15-30 n'kukafika mu World Series. Phillies ya 2022 ija inali pa 22-29 pamene inachotsa mphunzitsi Joe Girardi. Koma nkhani zotere timazikumbukira chifukwa sizichitika kawirikawiri. Matimu ambiri amene amafika kumapeto kwa Meyi ali m'dzenje lotero amagona momwemo. Chicago White Sox ya 2024 inayamba ndi 3-22 ndipo inamaliza itagonja magemu 121. Pamenepo Epulo sananame.

Kuyamba ndi liwiro nakonso kumapusitsa. Brewers ya 1987 inapambana magemu 13 oyamba onse, mu Meyi n'kugonja 12 otsatizana, playoff osaiona. Pittsburgh Pirates ya 2023 inamaliza Epulo ili pa 20-9, sizoni n'kutha ili pa 76-86. Yowawa kwambiri ndi Mets ya 2025: pakati pa Juni inali pa 45-24, pamwamba pa matimu onse, koma inamaliza ndi 83-79, kunja. Inde, Detroit Tigers ya 1984 inayamba ndi 35-5 n'kutenga chikho, koma imeneyo inali timu yamphamvu kale, ndipo magemu 40 ndi umboni wokulirapo kuposa 13.

Ndiye m'malo moyang'ana tebulo lokha, onani mmene timu yanu ikugonjera. Phatikizani ma run onse amene yagoletsa ndi amene yagoletsedwa. Ngati akuyandikana, ndipo magemu ambiri yaluza ndi run imodzi, mwayi ndi umene wavuta, ndipo zotere zimatembenuka. Koma ngati ikumenyedwa 9-2, 8-1 sabata ndi sabata, oponya oyamba akutulutsidwa inning yachinayi isanathe, matendawo ndi aakulu. Onaninso amene avulala ndi nthawi imene abwerere. Womenya wabwino amene bat yake yazizira mu Epulo musamudandaule kwambiri, m'mizinda ya kumpoto nyengo imeneyo kumakhala kukuzizirabe ndipo mpira suuluka patali. Woponya wamkulu amene wapita kukachitidwa opaleshoni ya chigongono, ameneyo ndiye iwalani, sabweranso chaka chino.

Pali chinanso chimene chimapangitsa kuti miyezi yoyambayi ipweteke kuposa mmene masamu akuonetsera. Kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti msika wosinthana osewera umatsekedwa, ndipo akuluakulu a timu amasankha kugula kapena kugulitsa poona tebulo la nthawi imeneyo. Timu imene yachedwa kudzuka imatha kugulitsa osewera ake abwino isanapeze mpata wobwerera. Atlanta Braves mu 2021 inachita zosiyana. Ronald Acuña Jr. atavulala bondo mu Julayi, timu isanapambanepo magemu ochuluka kuposa ogonja chaka chonsecho, inakatenga Joc Pederson, Jorge Soler, Eddie Rosario ndi Adam Duvall. Inamaliza ndi magemu 88 n'kutenga chikho, Soler n'kukhala wosewera wopambana wa World Series. Akanagulitsa, palibe akanawadzudzula.

Ku America ambiri amadikira Memorial Day, Lolemba lomaliza la Meyi, asanaweruze timu. Pofika pamenepo yanu idzakhala itasewera magemu 50 kapena kupitirira pang'ono. Mudzatilembere pano tsiku limenelo, mutiuze ma run ogoletsa ndi ogoletsedwa, ovulala amene abwerera, ndi magemu angati amene ikutsalira kumbuyo kwa malo omaliza a wild card.