Kwa achemwali amene afunsa za chifundo cha Buddha

Achemwali, mwati mumatumiza ndalama kwa mlongo wanu kumudzi kuchokera ku Johannesburg, koma zambiri zikuthera kumowa. Mwawerenga zoti Buddha ankaphunzitsa chifundo kwa zamoyo zonse, ndiye mukufunsa ngati kumumana kungakhale nkhanza, komanso kuti munthu amadziwa bwanji kuti thandizo lake ndi labwinodi.

Ambiri akuyankhani kuti bola mtima wanu uli woyera. Apa ine sindikugwirizana nawo, ndipo Chibuda nachonso sichiphunzitsa choncho. N'zoona kuti Buddha ananena kuti chimene chimapatsa ntchito kulemera kwake ndi cholinga cha woichitayo. Koma anatchulanso mizu itatu ya zoipa: umbombo, chidani ndi kusazindikira. Wachitatuwu ndi umene umatipusitsa ife okonda abale athu, chifukwa umakhala mwa munthu wachikondi ndithu.

M'malamulo a amonke, anthu amene amasiya moyo wapabanja n'kudzipereka kutsatira chiphunzitso cha Buddha, muli nkhani yowawa. Mmonke wina ankadwala kwambiri. Anzake, pomumvera chisoni, anayamba kumutamandira imfa, kuti akapumule ku ululu wake. Munthu uja anamwaliradi. Nkhaniyo itafika kwa Buddha, anawauza kuti apalamula mlandu waukulu zedi, wochotsedwa nawo m'gulu la amonke osabwereranso. Chisoni chawo sichinali chachinyengo ayi. Chimene chinasowa ndi kuona bwino.

Nanga kuona bwinoko kumabwera bwanji? Yankho lomveka kwambiri Buddha anapatsa mwana wake Rahula, pa malo otchedwa Ambalatthika pafupi ndi mzinda wa Rajagaha ku India, mwanayo ali ndi zaka pafupifupi 7 malinga ndi mmene Abuda amafotokozera. Anamufunsa kuti galasi n'lantchito yanji. Rahula anati n'lodziyang'anira. Buddha anamuuza kuti ntchito iliyonse aziiyang'ana chimodzimodzi, katatu: asanaichite, ali mkati moichita, komanso ataimaliza. Funso lake n'limodzi lomwelo: kodi ikubweretsa mavuto kwa ine, kwa ena, kapena kwa tonse? Akaona zimenezo asanayambe, asaichite. Akaziona ali mkati, aisiye. Akaziona atamaliza kale, akaulule kwa mphunzitsi kapena kwa mnzake wanzeru, kenako asamale ulendo wina.

Taonani kuti bambo uyu sanalonjeze mwana wake kuti adzadziwiratu zonse. Akanakhala kuti munthu amadziwiratu, kuyang'ana kwachiwiri ndi kwachitatu kukanakhala kopanda ntchito. Ndiye musamadziimbe mlandu pa ndalama zimene zinapita kale. Munatumiza ndi mtima wabwino, tsopano mwaona zipatso zake, ndipo kuonako ndi kumene kukufunsani kuti musinthe.

Pa nkhani ya kumana, pali kalonga wina dzina lake Abhaya amene anafunsa Buddha ngati angayankhule mawu osakondweretsa anthu. Kalongayo anali ndi khanda pamiyendo. Buddha anamufunsa chimene angachite khandalo litaika kamtengo kapena kamwala m'kamwa. Abhaya anati angaligwire mutu n'kupisa chala, n'kuchotsa chinthucho ngakhale magazi atatuluka, chifukwa amalimvera chifundo. Buddha anati iyenso mawu oona ndi othandiza amawanena ngakhale atakhala owawa, koma amasankha nthawi yake yoyenera. Mlongo wanu si khanda, ndipo musamuchotsere ulemu wake. Komabe kukwiya kwake pafoni si umboni woti mwamulakwira.

Chinanso chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi. Mphunzitsi Buddhaghosa, amene analemba ku Sri Lanka m'zaka za m'ma 400, anati chifundo chili ndi adani awiri. Wakutali ndi nkhanza, ndipo ameneyu amaonekera msanga. Wapafupi ndi chisoni chothyola mtima, chimene chimafanana ndi chifundo mpaka kusokoneza. Dzifunseni moona mtima: mukamatumiza ndalama zija, mukufuna kuchepetsa mavuto a mlongo wanu, kapena mukufuna kuti mtima wanu usiye kupweteka usiku umenewo? Kapena mukuopa kuti kumudzi anena kuti mwana wa uje anaiwala kwawo? Ambirife tili kunja timatumiza chifukwa cha mantha amenewa. Si tchimo, koma si chifundo.

Ndipo Buddha sanauze anthu apabanja kuti azipereka zonse. Polangiza mnyamata Sigala anati chuma achigawe panayi: gawo limodzi lodyera, awiri oyendetsera ntchito, lachinayi losungira tsiku latsoka. Anamuchenjezanso kuti mowa umatha chuma, umabweretsa ndewu ndi matenda, umawononga mbiri ndi nzeru. Inunso muli m'gulu la zamoyo zoyenera chifundo, pamodzi ndi mlamu wanu ndi ana ake, amene mwina ndi amene akuvutika kwambiri ndalamazo zikafika m'manja olakwika.

Ine ndikanakhala inu sindikanasiya kuthandiza, koma ndikanasintha njira. Fizi ya ana ipite kusukulu mwachindunji. Feteleza ndi chimanga zigulidwe kudzera mwa mlamu wanu kapena amayi. Mlongo wanuyo mumuimbire m'mawa asanalawe, mumuuze chifukwa chake popanda kumunyoza. Pezaninso wamkulu mmodzi wa m'banja amene amaona zimene zikuchitika pakhomopo tsiku ndi tsiku, monga amalume anu, kuti pakatha miyezi ingapo akuuzeni mosabisa ngati ana akudya ndiponso ngati akupita kusukulu.